Wamkulu Kumtunda, Wamng'ono Kumunsi

Mwambi uwu, ana inu, unayamba motere. Ndaona kale wina wayamba kutukula mlomo, akuti mwambiwu ndi wakale kuposa galimoto. Iwe unalipo? Khala pansi umve.

Kuseri kwa minda ya tiyi ku Thyolo, m'mbali mwa phiri lina lamiyala, kunkakhala bambo wina, a Lufeyo Dzimbiri. Anali munthu wabwino ndithu, wopemphera, wosalawa mowa, woti akakupeza ukuvutika ndi katundu panjira ankakulandira. Chilema chawo chinali chimodzi chokha, kulephera kusankha. Mukawaikira mbatata mbale iyi, chinangwa mbale iyo, tiyi ankazizira iwo akuyang'anabe uku ndi uku. Malemu akazi awo ndiwo ankadziwa mankhwala a mtima umenewu. Ankangochotsa mbale imodzi pamaso pawo, nkhani n'kuthera pomwepo. Mayiwo atamwalira, chilema chija chinakula chifukwa panalibenso wochotsa mbale.

A Dzimbiri anagwira ntchito ya udalaivala pa esiteti ina ya tiyi kuyambira ali mnyamata mpaka imvi mbuu. Bwana wawo pobwerera kwawo anawasiyira galimoto yomwe ankamuyendetsera ija kuti ikhale yawoyawo. Inali galimoto yamakedzana, yakuda bii, yaitali, yamphuno yotambalala, yokhala ndi zitsulo zonyezimira kutsogolo ndi kumbuyo. Mipando yake inali yachikopa. Chitseko ukatseka chinkati dii, kumveka mpaka pamtima. Ikamadutsa pamsika, azibambo ankavula zisoti asanaone n'komwe amene ali m'katimo.

Koma ukalamba ulibe mankhwala. Batire lake linali lofooka, moti ukapotokola kiyi inkangoti ngwe, ngwe, kenako zii. Kuti ilire inkafuna anthu oikankha, apo ayi kuitsetseretsa pamtsetse. Petulo inkamwa ngati ng'ombe yafika padziwe m'chilimwe. Galasi la mbali ya wokwera linatsika kalekale osakweranso, ndipo denga linkadontha pamalo amodzi okha, pamutu penipeni pa mlendo.

Mwana wawo wamkazi, Felesiya, amene ankagwira ntchito ku Lilongwe, anatopa kumva kuti bambo ake akupempha anthu m'misewu kuti awakankhe. Anawagulira kagalimoto kamakono, kakang'ono, kofiira, kobulungira. Kanalibe kilatchi, ndipo kukaliza kunali kungodina batani, bola kakiyi kake kali m'thumba mwako. Petulo kankangomununkhiza. Ukakaliza, m'katimo munkamveka mawu a mtsikana akulankhula chinenero cha kwawo kumene kanapangidwa, ndipo a Dzimbiri, pokhala munthu waulemu, ankayankha kuti, "Ndadzuka bwino mayi, kaya inu." Vuto lake kanali ndi mimba yotsika. Kakapeza mwala panjira kankakhula pansi, mwini wake n'kumva kuwawa ngati akhula iyeyo.

Tsono nyumba ya a Dzimbiri inali pakatikati pa mtsetse. Kumtunda kwake kunali thanthwe lowerama lokhala ndi phanga lalikulu pansi pake. Kumunsi, pafupi ndi msewu, kunali phanga linanso locheperapo. Mulungu anali atawamangira kale magalaji, iwo anangosesa. Galimoto yakale ija inkagona kuphanga lakumtunda, chifukwa popanda mtsetse siikanadzuka. Kamakono kaja kankagona kuphanga lakumunsi, chifukwa njira yokwera kumtunda inali ya miyala yokhayokha, mimba yake sikanalola.

A Dzimbiri sankawatchula kuti magalimoto ayi. Yakale ija ankati wamkulu, kamakono kaja wamng'ono. Mudzi wonse unazolowera choncho. Ukafunsa kuti a Dzimbiri ali kuti, ankakuyankha osaseka n'komwe kuti, "Ali kumtunda, akusambitsa wamkulu," kapena, "Atsikira kwa wamng'ono."

Munthu yekhayo amene ankawauza zoona anali msuweni wawo, a Tambula, amene ankakhala kutsidya kwa njira n'kumaweta mbuzi. Paja msuweni ndiye amakutukwana iwe n'kumaseka.

"Asuweni," anatero a Tambula tsiku lina, "gulitsani imodzi. Munthu mmodzi, matako awiri okha, mipando yonseyi ndi ya chiyani?"

"Ndigulitse iti?"

"Chikalambacho."

"Wamkulu?" A Dzimbiri anawagwira dzanja n'kuwagogodetsa pa boneti. "Mwamva? Chitsulo chimenecho. Tsiku lina ng'ombe inamugunda pa Bvumbwe, inakomoka ndi ng'ombe. Wamng'ono uja mbuzi yanu itangomutsamira amapindika. Komanso uyu akadwala ndimamuchiza ndekha ndi sipanala ndi waya. Winayo akatsokomola, mpaka kukaitana anyamata a makompyuta ku Limbe."

"Ndiye gulitsani kakang'onoko."

"Wamng'ono? Amene amandifikitsa ku Limbe ndi kubwerako ndi petulo woti wamkulu angangochukuchira m'kamwa? Mvula igwe, m'kati mwake muli gwaa. Kuzizire, amakupumira mpweya wofunda kumapazi. Pamsika amalowa paliponse pamene njinga yalowa. Ndiponso ndi mphatso ya mwana wanga."

"Nanga mukakhala ndi ulendo wofunika mumatenga uti?"

A Dzimbiri anakanda m'mutu. "Ndimakwera minibasi."

Sikunali kucheza ayi, zinali zoona. Ndipo minibasi yomweyo ndiyo inkawafikitsa ku Luchenza, kumene mtima wawo unali utagwa. Kumeneko kunali mayi wina wamasiye, telala wosoka madiresi a akwati, mayi Elube Namakhwa. Anakumana pa ukwati wa mbale wawo, anacheza, anachezanso, mpaka a Dzimbiri anayamba kuimba nyimbo za kwaya posesa pabwalo. Nyumba ija inali itawakulira kwa zaka zambiri, ndipo kusungulumwa kunali kutawafika m'mafupa. Za magalimoto sanawauze mayiwo. Ankafuna adzawadzidzimutse tsiku loyamba kubwera kwawo.

Chimene a Dzimbiri sankadziwa n'chakuti mbiri inali itafika kale ku Luchenza. Mayi wina wogulitsa nthochi wochokera kumudzi kwawo, atafunsidwa za iwo, anangoyankha mwachizolowezi kuti, "A Dzimbiri aja? Munthu wabwino, koma nthawi yawo yonse imathera kwa awiri aja, wamkulu kumtunda, wamng'ono kumunsi." Mayi Namakhwa atamva anayesa kuti akunena akazi awiri. Banja lawo loyamba linali la mitala, ndipo analumbira pamanda a mwamuna wawo kuti sadzagawananso mwamuna ndi munthu.

Anaimba foni. "Bambo Dzimbiri, Loweruka likubwerali ndikubwera kudzaona kwanu ndi maso anga. Ndikwera minibasi ya m'mawa. Ndikatsika pa siteji ya pa Mbawa ndikupezeni mutaima pamenepo. Ndikapanda kukupezani, yobwerera ikangofika ndikwera, ndipo musadzandifunenso. Ndinadikira mwamuna pakhomo zaka zambiri, sindidikiranso wina pamsewu."

"Mudzandipeza, mayi," anatero a Dzimbiri. "Ndipo mudzaona zimene simunaziyembekezere."

"N'zimene ndikuopazo," anayankha mayiwo n'kudula foni.

Lachisanu madzulo a Tambula anawafunsa kuti akatenga mlendo pa galimoto iti. A Dzimbiri anati asankha mawa, mutu uli wozizira.

Loweruka kunacha bwino, dzuwa lili phwee. A Dzimbiri anasamba, anameta, anavala suti yawo yotuwa ndi tayi wamizeremizere, nsapato atazipaka polishi. Anaima pabwalo, n'kuyang'ana kumtunda, n'kuyang'ana kumunsi. Mayi waulemu wake ngati uja, anaganiza choncho, ayenera mpando wachikopa ndi chitseko cholira dii. Atenga wamkulu. Anayenda pang'ono kulowera kumtunda, kenako anaima. Nanga akafika pa siteji injini n'kuzima? Pa Mbawa m'pachidikha, palibe mtsetse. Adzati chiyani, "Takulandirani mayi, tatsikani mukankhe"?

Apa m'pamene nzeru inawabwerera, ndipo ana inu, muziopa nzeru yobwera munthu atavala kale suti. Anati wamng'ono ali ndi batire lamphamvu, wamkulu ali ndi ulemerero. Bwanji osatenga mphamvu ya uyu kuipereka kwa uyo, kuti zabwino zonse ziwiri zikhale pamodzi?

Anatsikira kuphanga lakumunsi, anatsegula boneti ya wamng'ono, anamasula batire, n'kulisenza paphewa. Akukwera mtunda ali wefuwefu, anakumana ndi a Tambula akutulutsa mbuzi.

"Asuweni, mlendo mukamutengera pa batire?"

"Inu za injini simuzidziwa."

"Za injini sindizidziwa, koma za mitambo ndimazidziwa. Taonani ku Mulanje uko kwada bwanji. Kwerani imodzi muzipita, mukadikire inuyo. Mayi uja sakudzakwatiwa ndi galimoto."

"Nthawi ilipo," anatero a Dzimbiri, n'kupitirira.

Atafika kuphanga lakumtunda anavula jekete n'kulikoloweka pa msomali kuti lisade. Anamasula batire lofooka la wamkulu, analiika pamwala pakona, n'kulowetsa latsopano lija. Koma mitu ya batire la wamng'ono inali yowonda, zomangira za wamkulu zinali zotakata, zinkangogwedera ngati mwana wavala nsapato za bambo ake. Anafunafuna kachitini, anakadula, anakapinda, anatsekera mipata. Ntchito imeneyi inadya nthawi, manja onse bii ndi girisi. Pomaliza anakhala pampando, anapotokola kiyi, ndipo wamkulu, amene anali asanadzukepo ndi kiyi kwa zaka, anabangula kamodzi n'kamodzi. A Dzimbiri anatsala pang'ono kulira ndi chimwemwe.

Ali m'kati mosangalala choncho, anamva fungo la dothi lonyowa. Anasuzumira kunja. Mvula inali itayamba, osati yamasewera ayi. Anayang'ana galasi losakwera lija, anayang'ana padenga podontha paja, pamutu penipeni pa mpando wa mlendo. M'maganizo anawaona mayi Namakhwa atavala duku lawo latsopano, madzi akuti tho, tho, tho pamutu. Munthu wosoka zovala amadana ndi nsalu yonyowa kuposa china chilichonse. Ayi, lero ndi la wamng'ono.

Anazimitsa injini, anazula tizidutswa ta chitini tija, anasenzanso batire, n'kutsetsereka m'mvula. Pofika kumunsi malaya anali atamatirira pathupi, tayi akudontha. Anabwezera batire pamalo pake, anamanga bwinobwino, analowa, anadina batani. Zii. Anadinanso. Kagetsi kena kanangophethira, mtsikana uja n'kunena mawu awiri atatu mwaulemu.

"Pepani mayi, sindikumva," anatero a Dzimbiri.

Anapisa m'thumba la buluku, munalibe kanthu koma foni, nayonso itamwa madzi, yafa. Apo anakumbukira. Kakiyi ka wamng'ono kanali m'jekete, ndipo jekete linali pa msomali kuphanga lakumtunda.

Anakweranso mtunda, tsopano akuterereka, kwina akugwira ndi manja. Anafika, anavala jekete pamwamba pa malaya onyowa, anagwira kakiyi m'thumba kuti atsimikize. Akanangotembenuka pamenepo n'kutsika, bwenzi lero tilibe mwambi. Koma mvula ya ku Thyolo ndi yachinyengo. Inangoti duu, kuleka, kadzuwa n'kusuzumira pakati pa mitambo, kuwala kwake n'kugwera pa zitsulo za wamkulu. Galimoto ija inanyezimira ngati tsiku limene inatsika m'sitima. A Dzimbiri mtima unasungunuka.

"Mvula yatha," anadziuza. "Ndikafike pa siteji m'kachitini kofiira, uyu ali pano?"

Kutali kumsewu wa tala kunamveka hutala ya minibasi. Nthawi yokatenganso batire panalibe. Anati palibe kanthu, amudzutsa mwa masiku onse, pamtsetse, ndipo akafika pa siteji sazimitsa injini. Anachotsa mwala wotchinga tayala, anakankha pang'ono, anadumphira m'kati, anaponda kilatchi, analowetsa giya yachiwiri. Wamkulu anayamba kutsetsereka mwaulemu wake. Liwiro litakwana, a Dzimbiri anasiya kilatchi. Gu-gu-gu-gu. Osalira. Anapondanso, anasiyanso. Gu-gu-gu. Osalira. Anadutsa nyumba, anadutsa khola la nkhuku, mtsetse ukutha iwo akuona. Anaponda mabuleki, koma pamatope oterera matayala anangoyenda chammbali. Chigalimoto chija chinatembenuka pang'onopang'ono, n'kudzaima chopingasa pakhomo penipeni pa phanga lakumunsi, matayala akumbuyo atamira m'thope.

A Dzimbiri anasiya chiwongolero. Anatuluka, anatsegula boneti. Pamalo pa batire panali bweo. Batire lofooka lija, lomwe ngakhale linali lofooka linkapereka kamoto koyatsira injini, linali lili phee pamwala kuphanga lakumtunda, pouma.

Anadzipanikiza pakati pa thanthwe ndi wamkulu, analowa mwa wamng'ono, anadina batani. Kanalira nthawi yomweyo, mokoma, mtsikana uja n'kuwapatsa moni. Koma kutsogolo kwake kunali chitsulo chija chimene chinakomola ng'ombe, chitatseka khomo lonse. Anayesa kukankha wamkulu ndi phewa, ndi msana, ndi pemphero. Wamkulu sanasunthe ngakhale pang'ono. Ndiyeno mvula inabwerera, yoposa yoyamba ija.

Anaima pamenepo, kunja, pakati pa magalimoto awiri, madzi akutsika m'khosi. Anali ndi galimoto yokhoza kulira koma yosatuluka, ndi ina yotuluka koma yosalira. Anachita mantha enieni, osati a magalimoto ayi. M'maganizo anaona nyumba ija ili zii madzulo, kapu imodzi patebulo, mpaka tsiku la imfa yawo. Anasiya boneti ili yasa, anasiya chitseko chili chotsegula, n'kuliyatsa liwiro kulowera ku siteji.

Munthu wa imvi akamathamanga atavala suti, mudzi umaima. Nsapato imodzi inatsala m'thope pa mlatho, iwo sanacheuke. Atatulukira pa Mbawa anaona minibasi yopita ku Luchenza itaima, kondakitala akuitanira, ndipo mayi Namakhwa atapinda ambulera, phazi limodzi lili kale m'kati.

"Mayi," anaitana, mpweya ukuwathera. "Mayi, ndafika."

Mayiwo anacheuka. Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda nsapato. "Bambo Dzimbiri, mwachita kusambira?"

"Pepani mayi. Wamkulu ndiye wandichititsa manyazi lero."

Nkhope ya mayi Namakhwa inauma. "Ndiye kuti alipodi."

"Alipo, mayi. Ndimafuna mumuone lero. Koma wakagona pakhomo pa wamng'ono, wakana kusuntha, mnzakeyo akulephera kutuluka."

Anthu a m'minibasi anasiya zokamba zawo. Ngakhale kondakitala analeka kuitanira.

"Amamenyana?" anafunsa mayiwo.

"Ayi, sanagundanepo n'kamodzi komwe. Aliyense amagona kwake."

"Wamng'onoyo munamupeza bwanji?"

"Anandipezera ndi mwana wanga Felesiya."

"Mwana wanu wobereka nokha?"

"Eya. Anati ndakalamba, sindingathe kumakankha wamkuluyo m'mawa uliwonse."

"Mumamukankha?"

"Popanda kumukankha sadzuka, mayi. Komanso amamwa kwambiri. Wamng'onoyo samwa, kungoti chinenero chake sindimva."

Mayi wina wa m'minibasi anati, "Amuna awa, Mulungu awakhululukire." Mayi Namakhwa anatsitsa phazi lija pansi, osati kuti atsale ayi, koma kuti alankhule ataima bwino.

"Ndinakuyesani munthu woopa Mulungu. Ndinakuuzani zimene ndinaziona m'mitala, inu n'kumagwedeza mutu ngati mukumva chisoni. Lero mukuima pamsewu, pamaso pa anthu, kunyadira kuti mumakankha mkazi wokalamba naye, n'kumandiitana ine kuti ndikhale wachitatu?"

A Dzimbiri anayasama. "Mkazi uti, mayi?"

"Wamkuluyo."

"Wamkulu ndi galimoto."

A Dzimbiri anapisa m'matumba ndi manja awo agirisi, anatulutsa kiyi wautali wachitsulo kudzanja ili, kakiyi kakuda kodina kudzanja ilo, n'kuwaonetsa ngati mboni kubwalo la milandu. Dalaivala wa minibasi, amene ankawadziwa, anagona pa chiwongolero ndi phwete mpaka hutala inalira. Minibasi yonse inafa nacho chiseko. Mayi Namakhwa anayesa kudzigwira, anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, koma mapewa anawaulula.

Chiseko chitatsika anafunsa, "Ndiye muli ndi magalimoto awiri, n'kubwera wapansi?"

A Dzimbiri anafotokoza zonse, za batire, za jekete, za kadzuwa kachinyengo, osabisa kanthu.

"Tsono mwawasiya choncho m'matope, zitseko zili pululu?"

"Galimoto ikagona m'thope, mawa tikhoza kuizula," anatero a Dzimbiri. "Koma inu mukanakwera minibasi iyi, ndikanakuzulani kuti? Ine mayi ndine munthu wolephera kusankha, mudziwiretu. Moyo wanga wonse ndi lero lokha limene ndasankha chinthu osacheuka kawiri."

Kondakitala anamenya chitseko. "Amayi, tikupita kapena?"

Mayi Namakhwa anayang'ana phazi lija lopanda nsapato, sokosi itang'ambika, chala chikusuzumira. Anatambasula ambulera. "Pitani, achimwene. Ine ndikukaona akazi anzanga."

Anayenda awiriwo pansi pa ambulera imodzi, ngakhale kuti kwa a Dzimbiri ambulera inali itachedwa. Pa mlatho anatola nsapato ija. Atafika kuphanga lakumunsi anapeza a Tambula atasonkhanitsa kale amuna a m'mudzi ndi makasu ndi matabwa, akuzula wamkulu uku akuseka mpaka misozi. Mayi Namakhwa anazungulira galimoto yakaleyo, anasisita mpando wachikopa, anatseka chitseko n'kumvetsera kulira kwake. Kenako anasuzumira mwa wamng'ono, mtsikana uja n'kuwalankhula.

"Zikomo, mwana wanga," anayankha mayiwo. Anatembenukira kwa a Dzimbiri. "Onse ndi abwino, ndipo palibe wolakwa. Wamkuluyu ndi wa masiku aakulu. Mumugulire batire lakelake, mumukonze galasi, dengalo ndisoka ndine. Wamng'onoyu ndi wa kumsika, kutchalitchi ndi kuchipatala. Asamabwerekane ziwalo. Ndipo kusankha kuzichitika madzulo, m'nyumba, munthu ali pouma."

"Mwati dengalo musoka ndinu?" anafunsa a Dzimbiri.

"Nanga pa ukwati ndidzanyowe?"

Ukwatiwo unachitikadi chaka chomwecho, mvula itatha. Wamkulu anadzuka ndi kiyi, ananyamula akwati atamangidwa maluwa pamphuno, wamng'ono akutsatira pambuyo ndi Felesiya pa chiwongolero. Koma mawu amene tikunenawa sananenedwe pa ukwati ayi. Ananenedwa tsiku lomwe lija la mvula.

A Dzimbiri anali atasintha zovala, atafunda bulangete pakhonde, akuyetsemula motsatizana. Mayi Namakhwa, ngakhale anali mlendo, analowa kukhitchini n'kuwaphikira tiyi. Posadziwa za chilema chija bwinobwino, anabweretsa mbale ziwiri, iyi ya mbatata, iyo ya chinangwa, n'kuziika pamaso pawo. A Tambula anatsinzinira amuna anzawo kuti taonani, tiyi uja azizira.

A Dzimbiri anayang'ana mbatata. Diso linayamba kuyenda lokha kulowera ku chinangwa, koma analibweza panjira. Anatambasula dzanja, anatola mbatata, n'kuluma.

"Asuweni," anadabwa a Tambula, "lero mwasankha msanga bwanji?"

A Dzimbiri anameza, anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi, anayang'ana suti yawo ikudontha pa chingwe. Anayetsemula kamodzi n'kunena kuti, "Asuweni, mapanga awiri avumbwitsa."